Mafupa a ku Mwakasyunguti ndi Mafunso a Mwana

Mwana wa m'tauni wa zaka zisanu masiku ano akhoza kukutchulirani dzina la T. rex osapunthwa lilime. Amamuona m'makatuni pa foni ya amayi ake, pa tisheti ya kaunjika, pa kachikwama kopitira ku sukulu ya mkaka, ngakhale pa tizidole tapulasitiki toyalidwa pansi mumsika. Mukamufunsa kumene zinyama zimenezi zinkakhala, akuuzani kuti ku America. Pa T. rex sakunama, chifukwa mafupa ake amapezeka ku North America. Chimene chimandiwawa n'chakuti ana ambiri amakula akuganiza kuti chilichonse chodabwitsa chinachitikira kwa eni ake kutsidya la nyanja, chikhalirecho dothi la dziko lawo lomweli linatulutsa dainoso amene akatswiri a dziko lonse lapansi amamutchula ndi dzina la dziko lathu, Malawisaurus.

N'chifukwa chake ukwati wa mphwanga utatifikitsa ku Mzuzu, ndinaumirira kuti tisabwerere ku Lilongwe tisanaponde ku Karonga. Tinalipo ine, mayi a kunyumba, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu, ndi amayi anga, amene poyamba ankati mawondo sawalola, koma atamva kuti mdzukulu wawo akupita anayamba kumanga mpango. Kuchokera ku Mzuzu ndi mtunda woposa makilomita 200 pa msewu wa M1. Mumatsika zikhotakhota za Chiweta nyanja ikuonekera m'munsi, n'kudutsa Chitimba ndi Chilumba, kenako minda ya mpunga, njinga zambirimbiri, ndi kutentha kosachita kufunsa kuti tafika kapena ayi.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Cultural and Museum Centre Karonga inatsegulidwa mu 2004. Chionetsero chake chimayambira pa madainoso n'kukathera pa demokalase, koma mukangolowa maso sapita kwina. Chinyama chija, Malawisaurus, chili chilili m'chipindamo, mafupa okhaokha, kuyambira kumutu mpaka kunsonga ya mchira kutalika ngati basi yaikulu yoyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre.

Mwana wathu, amene njira yonse ankabangula kumpando wakumbuyo kuopseza agogo ake, anangoti zii. Anathawira kuseri kwa chitenje cha agogo, atachigwira ndi manja onse awiri, diso limodzi lokha likusuzumira. Sitinamukakamize. Agogo anayamba kuyenda pang'onopang'ono monga amayendera nthawi zonse, iye akukokeka pambuyo, mpaka anafika pafupi ndi mwendo wakumbuyo. Pamenepo anasiya chitenje. Anaima ndi zala zakuphazi kudziyerekeza ndi fupa la mwendowo, anawerenga nthiti akuloza ndi chala chomata madzi a mango, ndipo anapendeketsa mutu kutsatira khosi mpaka kukafika pa kamutu kakang'ono kosalingana ndi thupi lonselo. Kenako anatembenuka.

"Ababa, nyama yake anadya ndani?"

Limeneli ndi funso la mwana wa kwathu kuno weniweni. Kwa iye mafupa amatsala m'mbale anthu akatha kudya, ndiye mafupa ochuluka chonchi ayenera kuti anatsala pa phwando lalikulu. Ndinagwada kuti tilingane msinkhu, n'kumuuza kuti palibe munthu anadya, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe munthu ngakhale mmodzi. Chinyamachi chitafa, madzi a mtsinje anakwirira mafupa ake ndi mchenga ndi matope. Madzi oyenda m'nthaka ankalowa m'timabowo ta mafupawo n'kumasiyamo mchere wa m'miyala pang'onopang'ono, mpaka fupa linalemera, linauma, linasanduka mwala, koma maonekedwe ake osasintha. Nyama zambiri zimene zinafa nthawi imeneyo sizinasiye kanthu. Zinaola, zinadyedwa ndi zinzake, mafupa anafumbutuka padzuwa. Zochepa zimene zinakwiririka msanga ndi zimene zatipeza ife.

Bambo amene ankationetsa malowo anawonjezera kuti mafupa oimikidwawo ndi oumbidwa m'chikombole, kutengera enieni amene anakumbidwa ku Mwakasyunguti, m'boma lomwelo kum'mwera kwa tauni. Mwana anakwinya nkhope.

"Ndiye n'zabodza?"

Ndinakondwa ndi mmene bamboyo anayankhira. Sanamuseke, ndipo sanamunamize kuti akhale chete. Anamuuza kuti mafupa enieni ndi olemera komanso sachedwa kuthetheka, moti amasungidwa mosamala kuti ophunzira aziwayeza. Anamuuzanso kuti sanapezeke atalumikizana bwinobwino monga akuonekera. Anali obalalika m'dothi, a nyama zingapo za mtundu umodzi, ndipo akatswiri anachita kuwayala, kuwayerekeza ndi a zinyama zofanana nazo za m'mayiko ena, n'kuona kuti ili likhala apa, ilo apo. Ndimaona kuti akuluakulu timalakwira ana pamenepa. Timaganiza kuti chidwi cha mwana n'chosalimba, choti tikamuuza zoona chithawa. Koma mwana amafuna kudziwa kuti ichi anachipeza, ichi anachiganizira, ndipo anachiganizira pa chifukwa ichi. Mtundu wa khungu umene timaona pa zithunzi za Malawisaurus ndi wosankha wojambula. Koma zoti pakhungupo panali timafupa tolimba, zimenezo zili ndi umboni, chifukwa timafupato tinapezeka. Mbali zina za chigaza zinapezekanso, chinthu chosowa kwambiri pa zinyama za banja limeneli la titanosaur, chifukwa mitu yake inali yopyapyala ndipo inkaphwanyika isanakwiririke. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dainoso wa ku Karonga amatchulidwira kawirikawiri m'mabuku a akatswiri.

Mano ndiwo anamumasula mtima mwana wathu. Ndi ang'onoang'ono, osasongoka monga a nyama zolusa. Chinyamachi chinkapulula masamba n'kumeza osatafuna, ntchito yonse n'kusiyira mimba. Madambo a udzu amene timawadziwa lero kunalibe. Mitengo yambiri ya nthawi imeneyo inali ya gulu limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje. Atamva kuti sichikanamudya, mwana anasendera pafupi. Agogo sanataye mwayi.

"Waona iwe? Chinakula chonchi ndi masamba. Iwe bonongwe umakana."

Funso lotsatira linandigwira mtima, chifukwa analifunsa motsitsa mawu: "Nanga amayi ake ali kuti?" Kwa mwana wa zaka zisanu, chamoyo chilichonse choima chokha m'chipinda chasochera. Mayi a kunyumba ndiwo anayankha, kuti chinyamachi chinaswa m'dzira, ndipo chinali chachikulu kale, chosafunanso kuberekedwa kumbuyo. Zoti madainoso a khosi lalitali ankaikira mazira n'zodziwika bwino. Mu 1997, pamalo otchedwa Auca Mahuevo ku Argentina, akatswiri anapeza mazira zikwizikwi a titanosaur, ozungulira, a masentimita pafupifupi 15, ena muli tiana tosaswa. Kuchokera m'dzira laling'ono chotero, abale ena a Malawisaurus ku Argentina komweko ankakula kupitirira mamita 30. Wathuyu m'banja lakwawo anali wa msinkhu wodzichepetsa.

Kuti chinyama cha ku Karonga chikhale ndi abale ku Argentina si ngozi. Africa ndi South America kale zinali nthaka imodzi, mbali za chigawo chachikulu chimene akatswiri amachitcha Gondwana, ndipo pa nthawi ya Malawisaurus zinali zikung'ambika kumene, nyanja ya Atlantic ikuyamba kulowa pakati. Nyanja yathu ya Malawi kunalibe n'komwe. Inabwera mochedwa kwambiri, zaka mamiliyoni ochepa apitawa, nthaka ya kum'mawa kwa Africa itayamba kugawanika n'kutitimira. Kugawanikako sikunathe, ndipo anthu a ku Karonga anakumva m'matupi mwawo pa zivomezi za mu Disembala 2009. Mwana wathu anavomera zonse, za dzira, za masamba, za mwala, koma izi zokha anakana. Nyanja anali ataiona ndi maso ake m'mawa womwewo, yopanda malire, ndiye wina amuuze kuti kunalibe? Anapukusa mutu. Ndinamusiya. Zina zimafuna kuti munthu ayambe wakula.

Amene anafunsa funso lolemera ndi amayi anga. Iwo ndi mayi wa Chigwirizano, Baibulo lawo latha zikuto ndi kuwerengedwa. Anandiitana pambali n'kunena chapansipansi kuti mdzukulu asamve.

"Kodi mwanawe, chimenechi m'chingalawa cha Nowa chinakwana?"

Ndinawauza mwaulemu kuti miyala imene chinapezekamo ili ndi zaka zoposa 100 miliyoni, ndipo panalibe munthu aliyense amene anachiona chili chamoyo. Nambala yotere imangodutsa m'khutu, choncho ndinayesa kuiphwanya. Mutati muziwerenga chaka chimodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, zaka za ufulu wathu kuchokera mu 1964 mungazimalize pa mphindi pafupifupi imodzi. Kubwerera ku nthawi ya Yesu kungakutengereni theka la ola ndi pang'ono. Kufika pa munthu wakale amene nsagwada yake inapezeka ku Uraha, m'boma lomweli la Karonga, mungawerenge pafupifupi milungu inayi. Koma kuti mufike pa Malawisaurus, mungawerenge usana ndi usiku kwa zaka zoposa zitatu.

Amayi anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana khosi lija. Kenako anati, "Ndiye kuti Mulungu anayamba kalekale kukonza malo ife tisanabwere." Sanatsutse nambala, ndipo chikhulupiriro chawo sichinagwedezeke. Ndikudziwa makolo amene amazemba malo ngati amenewa poopa kuti mwana akafunsa za Adamu asowa chonena. Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma zotsatira zake n'zakuti mwana amakamva nkhaniyi kwina, kwa munthu amene angamuuze kuti asankhepo chimodzi pakati pa agogo ake ndi sukulu. Ndi bwino aimve ali chiimire pakati pa onse awiri, dzanja lina litagwira chitenje.

Tsopano ndifike pa chimene chinandipititsa ku Karonga. Mafupa oyamba a chinyamachi anatoledwa m'zaka za m'ma 1920, pamene Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, ankafufuza dera limeneli. Mu 1928 Sidney Haughton, amene ankagwira ntchito ku South Africa, anawalemba m'mabuku ndi dzina loti Gigantosaurus dixeyi. Panapita zaka zambiri osaunikidwanso mokwanira, mpaka m'zaka za m'ma 1980 pamene Louis Jacobs wa ku yunivesite ya Southern Methodist mumzinda wa Dallas anayamba kubwera kudzakumba mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona zinthu zamakedzana. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindichita manyazi kuyamikira zimene alendowa anabweretsa. Mafupa atsopano anaonetsa kuti chinyamachi n'chamtundu wakewake, ndipo mu 1993 chinapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi. Amene analemba dzinali anali anayi: Jacobs, Dale Winkler, William Downs ndi Elizabeth Gomani.

Dzina lomalizalo ndi la mayi wachimalawi. Dr Elizabeth Gomani-Chindebvu anaphunzira za mafupa amenewa mpaka kutenga digiri ya udokotala ku Dallas komweko. Mu 1997 analemba za kang'ona kakang'ono ka m'miyala yomweyo, kosakwana mita imodzi, ka mano osiyanasiyana okhoza kutafuna, n'kukatcha Malawisuchus mwakasyungutiensis. Taganizani, dzina la mudzi wa ku Karonga likupinda malilime a ophunzira ku Berlin ndi ku Tokyo. Mu 2005 anazindikira kuti nsagwada ina ndi mano ena opyapyala sizinali za Malawisaurus, koma za dainoso wina, ndipo anamutcha Karongasaurus. Pambuyo pake anatsogolera nthambi ya boma yoona za chikhalidwe.

Ndinamuuza mwana wathu nkhani imeneyi m'mawu ochepa, kuti amene anawerenga mafupawa n'kuwapatsa mayina ndi mayi wa kuno kwathu, amene anakhalapo kamtsikana ka sukulu monga iye. Anandiyang'ana, anayang'ana mayi ake, n'kufunsa ngati mayi ameneyo ankakumba ndi khasu. Bambo wotionetsa malo anafotokoza kuti khasu ndi piki zimangochotsa dothi lapamwamba. Ukayandikira fupa umagona chafufumimba padzuwa la Karonga, uli ndi kampeni ndi kaburashi, kumachotsa mchenga pang'onopang'ono, kumathira guluu kuti fupa lisasweke, kenako kulikulunga ndi ziguduli zoviika m'pulasitala kuti linyamulike. Fupa limodzi likhoza kudya masiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi ya anthu odekha.

Sindikunena kuti mwana wanga adzakhala wokumba mafupa. Mawa akhoza kufuna unamwino kapena kuyendetsa ndege. Chimene ndinkafuna n'chakuti, asanayambe kumva mawu aja oti sayansi ndi ya anyamata, kapena ndi ya azungu, akhale atamva kale dzina la Gomani. Mwana akamva chinthu choyamba amachisunga, ndipo zobwera pambuyo amaziyeza ndi chimenecho.

Palinso nkhani ya kumene mafupa a mu Africa amakathera. Kwa anansi athu ku Tanzania, paphiri la Tendaguru, Ajeremani anakumba pakati pa 1909 ndi 1913. Ogwira ntchito anali anthu a m'midzi mazanamazana, amene anasenza matani oposa 200 a mafupa ndi miyala, pamutu ndi pamitengo, ulendo wa masiku angapo wapansi kukafika ku doko la Lindi. Lero chinyama chachikulu cha kumeneko, Giraffatitan, chaima ku Berlin, mutu wake uli mamita 13 kuchokera pansi, ndipo mdzukulu wa amene anachisenza ayenera kupeza pasipoti ndi chitupa cha visa kuti akachione. Ku Zambia, chigaza cha munthu wakale chimene chinapezeka mumgodi wa ku Kabwe mu 1921 chili ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Ndikaganiza zimenezi, nyumba ya ku Karonga ndimaiona kukula kuposa mmene makoma ake alili. Mwana wa ku Nyungwe kapena ku Kaporo akhoza kukwera minibasi, n'kukaima pansi pa chinyama chotuluka m'dothi la kwawo, n'kufunsa mafunso m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka, n'kuyankhidwa.

M'nyumbamo muli zambiri. Muli nkhani ya nsagwada ya ku Uraha, imene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza mu 1991, ya munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Muli mbiri ya Mlozi, wogulitsa akapolo amene ananyongedwa mu 1895, ndi ya nkhondo ya mu Seputembala 1914 pamene asilikali a Ajeremani ndi a Angerezi, ambiri mwa iwo anthu akuda, anaphana pa Karonga pomwepo. Ine ndikanakonda kuima pa chilichonse. Koma mwana wa zaka zisanu amaona chinthu chimodzi, ndipo akachiona wakhuta. Anayamba kudzikoka, kufunsa madzi, kukhala pansi. Mayi ake anandikodola, ndipo tinatuluka. Kholo lofuna kuti mwana aone zonse chifukwa lalipira pakhomo limabwerera ndi mwana wolira amene sadzafunanso kumva za myuziyamu.

Funso lakuti anapha madainoso ndani linabwera tili pa nsima. Ndinamuuza kuti mtundu wa Malawisaurus unatha kalekale mwa wokha, monga mitundu ya zamoyo imathera ina n'kulowa m'malo, ndipo ngakhale T. rex anabwera patapita zaka mamiliyoni makumimakumi. Koma zaka 66 miliyoni zapitazo chimwala cha makilomita pafupifupi 10 chinagwa kuchokera kumwamba pamalo amene lero ndi Yucatán ku Mexico. Fumbi ndi utsi zinaphimba dzuwa, zomera zinafota, zodya masamba zinafa, zodya nyama zinatsatira. Mwa madainoso onse linapulumuka gulu limodzi lokha, la ting'onoting'ono ta nthenga, ndipo zidzukulu zake ndi mbalame.

"Ngakhale nkhuku?"

Ngakhale nkhuku. Anatola chipalapasiro m'mbale ya ndiwo n'kuchitembenuza uku ndi uku, zala zitatu kutsogolo, mamba pakhungu, zikhadabo kunsonga. Nkhuku si mdzukulu wa Malawisaurus mwachindunji, chifukwa mbalame zinachokera ku nthambi ina, ya madainoso oyenda ndi miyendo iwiri, koma ndi fuko limodzi. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, ati moyo wawo wonse akhala akuweta madainoso m'khola osadziwa. Mwana anachiyang'anitsitsa chipalapasirocho, kenako anachidya.

Ife tinakwanitsa ulendowu chifukwa tinali ndi galimoto ndi ukwati wotifikitsa pafupi. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita oposa 500, ndipo kwa mwana wa ku Nsanje kapena ku Phalombe Karonga ndi dziko lina. Koma chikombole chikapangidwa kamodzi chimaumba kambirimbiri. Fupa limodzi la ntchafu loumbidwa, lokhala pa tebulo la mphunzitsi wa Sitandade 4, ana akuligwira ndi kuliyeza ndi miyendo yawo, pambali pake pali kapepala ka m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao kofotokoza kumene linapezeka ndi amene analiwerenga, lingachite zimene tsamba la buku silingachite. Masukulu ophunzitsa aphunzitsi ndiwo angayambe kulandira.

Ndipo ntchito ya kukumba sinathe. Mvula ya chaka chilichonse imakokolola zigwembe za ku Mwakasyunguti n'kuvundukula zimene zinali pansi, ndipo fupa lovundukuka likakhala padzuwa ndi pamvula nyengo zingapo limathetheka n'kupita ndi madzi. Pakufunika anthu odziwa ntchitoyi oti aziyendera zigwembezo chilimwe chilichonse, ndipo ndikufuna kuti ena mwa iwo akhale anyamata ndi atsikana a ku Karonga komweko, ophunzitsidwa m'mayunivesite athu ndi kulipidwa ndi boma lawo.